Maliro Atakana pa Njira ya ku Bundabunda

Sukulu ndinaisiya m'giledi 10, ndipo sindikufuna wina andimvere chisoni. Amayi anadwala chaka chathunthu, pakhomo panalibe wina wolima, ndiye ndinalima ine. Pamene ankachira anzanga anali atapita kale kutsogolo, ine ndevu zitayamba kutuluka. Ena mwa iwo lero ali ku yunivesite ya ku Chalimbana. Tikakumana pamsika amandipatsa moni m'Chingelezi, ngati Chinyanja chinawathawa m'kamwa.

Chimene ndinatsala nacho ndi magalimoto, ngakhale panalibe yanga. Loweruka lililonse ndinkatsuka magalimoto a anthu a m'mapuloti atsopano, aja ogwira ntchito m'maofesi ku Lusaka. Magalimoto awo ndi onyezimira, koma ambiri mwa eni akewo sadziwa n'komwe pothira madzi. Wina ndinamuuza kuti injini yake ikulira ngati lamba watha. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kundiuza kuti ndimalize kupukuta magalasi. Patapita sabata ziwiri ndinaiona galimotoyo ikukokedwa ndi chingwe pamsewu waukulu. Sindinama, ndinaseka.

Galimoto imene ndinaikonda ndi mtima wonse inali vaneti ya kumishoni kwathu. Inali yoyera kalekale, ya dizilo, chitseko cha kumanzere chotsegukira kunja kokha. Inkanyamula chilichonse: simenti ya tchalitchi, zigubu za mkaka za alimi, odwala, kwaya, maliro. Ndinkaizindikira ndi kulira kwake isanatulukire pamitengo ya bulugamu. Woiyendetsa anali bambo wokalamba amene anayamba ntchitoyo ine ndisanabadwe. Tonse tinkangowatchula kuti ba mudala.

Ndinawakakamira zaka zitatu. Ndinatsuka, ndinapopa matayala, ndinawagwirira sipanala, ndinakankha batire ikafooka. Anandiphunzitsa kuyendetsa pabwalo la mpira, ndipo giya ikalira ankandimenya bondo ndi chipewa chawo. Laisensi ndinaitenga ulendo wachiwiri. Ulendo woyamba ndinagunda dilamu pobwerera m'mbuyo, chifukwa woyesayo ankangolankhula pafoni ndipo ine mtima unali utakwera kale.

Kenaka maso a ba mudala anachita ng'ala. Tsiku lina anatsala pang'ono kukwera ng'ombe imene inagona panjira, iwo akuiyesa mthunzi. Sabata yomweyo wansembe wa pamishoni anatiitana tonse awiri ku ofesi yake.

"Ba mudala apumula mwezi ukatha," anatero. "Ofuna makiyi muli awiri. Pali iwe, na mnyamata wina wa ku Lusaka wamene ali na pepala ya giledi 12. Mwezi uno uzayendetsa iwe, ba mudala azakhala pambali pako. Kukabwera dandaulo imodzi chabe, makiyi yapita ku Lusaka."

"Ba Fada, motoka siwerenga pepala," ndinatero.

"Ndiye chamene nikamba icho. Manja yako niyadziwa. Chinivuta ni pakamwa pako."

Sabata zitatu ndinayenda ngati ndanyamula mazira. Amayi a kwaya anandiuza kuti ndikuthamanga, ndinachepetsa. Anandiuza kuti ndikukwawa, ndinaonjezera. Mlimi wina anandichedwetsa theka la ola akufunafuna chivindikiro cha chigubu, ndipo ndinangoluma mlomo. Makiyi amenewo ndinkawafuna kuposa chilichonse, chifukwa ndinkadziwa kuti akandidutsa ndibwerera kundowa ndi sopo, kutsukira anthu osadziwa kulira kwa lamba.

Mwezi utatsala pang'ono kutha kunagwa maliro. Anamwalira kalipentala wina wa m'parishi mwathu, ndipo tinatumidwa kukatenga thupi kumochale kuboma. Mkazi wake ankafuna kuti aikidwe kumanda a kumishoni. Koma kunabwera malume ake a malemuyo kuchokera ku Bundabunda, bambo wamtali wa jekete lakuda, n'kulamula kuti mwana wa mlongo wake akagone kwawo. Zimenezi ndinkangozimva m'manong'onong'o. Sizinkandikhudza. Ntchito yanga inali kufikitsa bokosi kumene andiuza.

Inali nthawi ya mvula. Anthu ambiri anatsogola pa minibasi. Kutsogolo kwa vaneti tinakhala atatu, ine, ba mudala pakati, malume aja kuchitseko. Kumbuyo kunali bokosi, mayi wamasiyeyo ndi amayi ena anayi a mpingo. Patala, pamsewu wa phula, tinayenda bwino, nyimbo zikumveka pang'onopang'ono. Titakhotera kumsewu wadothi vaneti inayamba kudumpha m'maenje, ndipo pachitunda china injini inatsokomola kawiri n'kuzima.

Vutolo ndinkalidziwa. Tanki ya vanetiyo inali ndi dzimbiri m'kati. Msewu ukaigwedeza kwambiri, zinyalala zinkatseka paipi ya dizilo. Mankhwala ake ndi kulowa pansi, kuchotsa paipi, kuuzira ndi pakamwa, kuibwezera, n'kupopa kapampu ka pa injini mpaka katalimba. Mphindi zisanu basi.

Nyimbo inalekeka. Mmodzi wa amayi aja ananena motsitsa mawu, koma tonse tinamva.

"Wakana."

Kwathu kuno galimoto yonyamula maliro ikaima panjira, anthu amati womwalirayo sakufuna kupita, ndipo wachibale wamkulu amayenera kulankhula naye. Ndinatsegulira malume aja chitseko. Anavula chipewa, anapita kumbuyo, anagwada n'kuika dzanja pabokosi. Ine ndinali kale pansi pa galimoto. Ndinauzira paipi, dizilo inandilowa m'kamwa, ndinalavula, ndinamanga, ndinadzuka n'kupopa. Malume anali pakati pa mawu awo, akutchula amayi a malemuyo ndi agogo ake amene anagona kumudziko.

Ba mudala anandigwira malaya. "Yembekeza."

Ndinkayesa akunena za kapampu. "Kalimba kale," ndinatero, n'kukhotetsa kiyi.

Injini inalira kamodzi. Utsi wakuda unatuluka wonse kumbuyo, pomwe panagwada malume aja. Anatsokomola, anadzuka akupukuta m'maso. Pamenepo ndikanangotseka pakamwa mwina zikanachepa. Koma ndinali wokondwa ndi ntchito yanga, ndipo ndinatulutsa mutu pawindo.

"Kwerani tiyende. Palibe wakana apa, ni paipi chabe inatsekeka."

Malume anabwera pang'onopang'ono mpaka pawindo, sanandiyang'ane ine, anayang'ana ba mudala.

"Ni mwana wa ndani uyu?"

"Ni wathu wa kumishoni, atate. Mumukhululukire."

"Nizakamba na ba Fada wake."

Sanafunenso kukhala kutsogolo. Anakwera kumbuyo n'kukhala pambali pa bokosi. Tinanyamuka. Ba mudala ankangoyang'ana kutsogolo ndi maso awo otuwawo. Kenaka anafunsa.

"Paipi ija, ine nimaikonza mphindi zingati?"

"Tikanyamula simenti, zisanu. Pa maliro mumachedwa."

"Chifukwa?"

"Ninali kuganiza kuti ni ukalamba."

Anaseka kamodzi, m'mphuno. "Ukalamba umasankha masiku?"

Ndinakumbukira maulendo a maliro amene ndinawaperekeza, vaneti itaima m'tchire, iwo atagona pansi pake nthawi yaitali miyendo yokha ikuoneka, ine ndikupsa mtima kuti bwanji sakundipatsa sipanala ndimalize.

"Mai uja kumbuyo," anapitiriza, "pali wamene anamufunsa kwamene afuna mwamuna wake agone? Kulibe. Pa nyumba ya maliro sangakambe, akulu alipo. Kumanda sangakambe, kwatha. Motoka ikaima panjira, ndiye mpata wake. Iwe wamulanda."

"Ndiye kuti tizinamiza anthu?"

"Wanama ndani? Iwe ukonza paipi yako, iwo akamba zawo. Ukatsiriza ugona pomwepo mpaka atsirize. Ndiye ntchito ya dalaivala iyo. Uyesa ni kuzunguza chiwongolero chabe?"

"Wakufa sakana, ba mudala."

"Sininakufunse."

Ndinayendetsa mano ali olumana. Ndinafunsa chimene chinali kundidya. "Makiyi yapita?"

"Kaya. Njira ikali itali. Tanki iyi ikayamba sisiya, izaimanso."

Inaimadi. Tinali titangowoloka kamtsinje kena, mvula itagwa m'mawa womwewo, njira yonse ili matope ofiira. Injini inatsokomola n'kuzima pokwera. Ndinatenga sipanala n'kulowa pansi, msana wonse m'matope. Ndinachotsa paipi, ndinauzira, ndinamanga. Zinatha msanga kuposa poyamba. Dzanja langa linali litagwira kale chitsulo kuti ndidzikoke ndituluke. Ndinalibweza.

Pansi pa galimoto munthu amaona mapazi okha. Ndinaona nsapato zakuda za malume zikutsika, mapatapata a amayi aja, ndi magambutsi a ba mudala ataima pafupi ndi miyendo yanga ngati mlonda. Malume anayambiranso mawu awo, aja ndinawadula. Analankhula nthawi yaitali. Anatchula mudzi, anatchula manda okumbidwa kale, anthu akudikira, mvula ikubwera. Atamaliza anati, "Ba dalaivala, yesani."

"Mwana akali kukonza," anayankha ba mudala. "Yavutako apa."

Madzi ozizira anali atalowa kale m'malaya mpaka m'kabudula wam'kati. Kenaka ndinamva kuluma pakhosi, kwinanso m'khwapa. Ndinali nditagona pafupi ndi njira ya linthumbu. Amene linamulumapo akudziwa kuti sililuma n'kuchoka, limakakamira. Ndinalithothola limodzilimodzi, ndikumenyetsa sipanala pachitsulo nthawi ndi nthawi kuti anthu amve ngati pali ntchito. Mumtima ndinkatukwana aliyense, malume, ba mudala, wansembe, ngakhale kalipentala wakufayo. Koma sindinatuluke. Ndinadziuza kuti linthumbu lindidye lithe, makiyi sapita ku Lusaka.

Mmodzi wa amayi a mpingo anati, "Atate, lekani mkazi wake akambe naye. Mwina azamumvera."

Nsapato zakuda zinasuntha uku ndi uku. "Akambe," anatero malume.

Vaneti inagwedezeka pang'ono pamwamba panga pamene mayiyo ankasendera kufupi ndi bokosi. Mawu ake anali otsika, osalira.

"Atate a ana, ndine. Munaniuza kuti muzagona kumishoni, pafupi na mwana wathu wamene tinaika kuja. Munaniuza muli pabenchi yanu, mukupala thabwa. Ine palibe ananifunsa. Nangomva kuti kwera motoka. Manje kuno nizabwera bwanji kulimira manda yanu? Njinga sinidziwa kupalasa. Mwana uja mwamusiya yekha. Ngati mwakana chifukwa cha icho, ine namva."

Analankhula zina zambiri, za denga limene mwamuna wake sanamalize kukhoma, za mbuzi, za mwana wamkulu amene akulemba mayeso. Palibe anamudula. Ine ndinasiya kumenya sipanala.

Kenaka ndinaona mawondo a thalauzi lakuda akutsikira m'matope.

"Amai," anatero malume, "za mwana uja sininadziwe kuti anakamba choncho. Tinalakwa kusakufunsani. Manda yakumbidwa kale, ndipo maliro sabwerera panjira, mudziwa. Koma napempha. Osati kulamula, napempha. Tsiku yolimira manda nizatuma ngolo kukutengani patala."

Linthumbu lina linandiluma kuseri kwa khutu, ndipo ndinangolisiya.

"Tiyeni, atate a ana," anatero pomaliza. "Anthu ayembekeza."

Gambutsi ya ba mudala inandigunda kuphazi. Ndinatuluka ndili wofiira kuyambira kutsitsi mpaka kuchidendene. Ndinapopa kapampu, ndinalowa, ndinadikira malume achoke kumbuyo kwa utsi, ndinakhotetsa kiyi. Inalira kamodzi.

"Wavomera," anatero amayi aja, n'kuyamba nyimbo.

Ntchito ndinagwira ine, dizilo ndinamwa ine, koma woyamikiridwa anali wa m'bokosi. Ndinayang'ana wotchi ya pafoni. Ndinali nditagona m'matopemo pafupifupi ola lathunthu. Tinafika mvula isanayambe, maliro anaikidwa, ndipo malume sanandilankhule mpaka tinachoka.

Lolemba wansembe anandiitana. Ba mudala anali atakhala kale pampando wa pakona.

"Dandaulo yabwera," anatero wansembe. "Malume aja anatuma foni dzulo. Akuti unawafukiza utsi ali chogwada, unawadula mau, unawachititsa manyazi pamaso pa azimai. Ni zoona?"

"Ni zoona."

"Tinapangana chiyani?"

"Dandaulo imodzi."

Ba mudala anatsokomola. "Ba Fada, nikambeko. Ulendo wachiwiri mwana uyu anagona m'matope ola yonse, motoka ili bwino, nyerere zikumudya. Sanatuluke. Ine chinthu icho ninachiphunzira nili na imvi kale. Wa ku Lusaka uja, mumugoneke m'matope tione."

Wansembe anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Mau yanga sinibweza. Koma mwini wake wa dandaulo akaichotsa yekha, ndiye kuti kulibe dandaulo. Mwezi ukutha pa Chisanu."

Lachitatu ndinakwera minibasi mpaka pamphambano, kwinako ndinayenda wapansi. Njira imene pagalimoto inkaoneka yaifupi inanditengera maola awiri. Ndinadutsa pakamtsinje paja, pomwe ndinagona panali pakuonekabe. Malume ndinawapeza m'munda akupalira chimanga. Ndinagwada m'mbali mwa mzere n'kuomba m'manja. Anandiona bwinobwino, koma anapitiriza kupalira mpaka kumapeto kwa mzerewo, n'kubwerera ndi wina. Ndinagwadabe. Mawondo anachita dzanzi. Atafika pomwe ndinali anaimika khasu.

"Wa utsi uja."

"Ndine, atate. Nabwera kupepesa. Ninakudulani mau, ninakufukizani, ninakamba mopanda ulemu."

"Wabwera wekha kapena akutuma?"

"Anituma. Ntchito yanga ili m'manja mwanu. Koma kulakwa nakuona nekha."

"Nanga zija unakamba, kuti mwana wa mlongo wanga sanakane?"

Njira yonse ndinkadziwa kuti funso limeneli libwera, ndipo ndinali nditakonza bodza labwino. Litafika pakamwa linakana kutuluka.

"Paipi inatsekeka, atate. Icho siningasinthe. Koma sinali nthawi yanga yokamba."

Anandiyang'anitsitsa. "Chinatseka paipi ni chiyani?"

"Dothi ya mu tanki."

"Patala ponse paja dothi inali kuti? Inayembekeza chiyani kuti itseke kawiri, mpaka mkazi wake akambe? Inatumidwa na ndani?"

Yankho ndinali nalo. Patala palibe maenje, tanki sigwedezeka. Linali pansonga pa lilime. Ndinayang'ana pansi, ndinawerenga nyerere zimene zinkadutsa pafupi ndi bondo langa, ndipo sindinanene kanthu.

Malume anadikira. Ataona kuti sindiyankha anaseka pang'ono n'kundiponyera khasu.

"Tsiriza mizere itatu iyo. Msana wanga wakana naonso."

Ndinavula malaya n'kupalira. Kulima sikunandivutepo, ndiko kunanditulutsa m'sukulu. Iwo anakakhala pansi pa mtengo wa mango, anatulutsa kafoni kakang'ono komanga ndi mphira, anakasendeza kutali ndi maso akufufuza nambala. Ndinapalira cha kufupi kuti ndimve.

"Ba Fada, ndine wa ku Bundabunda. Mwana wanu ali pano, alima. Nkhani ija tiisiye. Ni wamwano, koma ayamba kumva." Anamvetsera pang'ono. "Iyayi, mupatseni. Ife tonse tizafuna motoka ija tsiku ina, ndipo njira ya kuno aidziwa manje."

Ndinamaliza mizere itatu ija n'kuonjezerapo wachinayi, chifukwa unali wokhota ndipo unkandinyansa m'maso. Anandipatsa zimanga ziwiri zaziwisi za kudimba, zodya panjira. Lachisanu masana wansembe anatulutsa makiyi m'dirowa, awiri omangidwa pakachingwe kakuda ndi mafuta, n'kundiuza kuti m'mawa mwake kuli mchenga wokatenga kumtsinje, maulendo anayi, ndipo ndisachedwe.